Khoma la kum'mawa tisaligwetse

Lamulungu lapitali Misa itatha, mkulu wa mpingo wathu wa Anglican anatipempha kuti tisatuluke kaye. Anatulutsa chipepala chopindapinda, anyamata awiri otumikira kuguwa anachigwira wina uku wina uku, ndipo tonse tinaona pulani ya tchalitchi chatsopano: mawindo ataliatali, nsanja ya belu, khonde lalikulu kutsogolo, kaofesi ka wansembe pambali. Amayi a Mothers' Union anaimba nthungululu, enafe m'manja. Nanenso ndinaomba ndi mtima wonse, chifukwa palibe amene sadziwa kuti pa Pasaka theka la mpingo limaimirira panja, kumvera ulaliki pawindo mvula ya ku Mzuzu ikuwaza kumsana. Kenaka mkuluyo anawonjezera mawu amene andisowetsa tulo sabata yonseyi. Anati chakalechi chigwetsedwa, ndipo njerwa zake tidzakwirira nazo fawundeshoni.

Mudzi wathu uli kunja kwa tawuni. Mukatsika minibasi pamsewu wa ku Nkhata Bay mumayenda wapansi kudutsa m'minda ya chinangwa ndi nthochi, ndiye mumakaona kanyumba ka njerwa zofiira kokufulatirani, chitseko chake chili mbali ina. Kuchokera pakhomo kukafika kuguwa ndi mapazi ochepa chabe. Palibe mwala wolembedwa tsiku, palibe chikwangwani cha mkuwa, ndipo m'mabuku onse a mbiri ya mpingo amene ndinawagwirapo dzina la mudzi wathu mulibe. Anansi athu mpaka lero amangoti tchalitchi cha Alikoma, ngakhale kuti mwa anthu amene amadzaza mabenchi masiku ano, ambiri sanapondepo pachilumba cha Likoma.

Dzinali silinabwere mwangozi. Kumpoto kuno chikhristu chinakwera mapiri ndi a Livingstonia. Dr Robert Laws ndi anzake anasamukira ku Bandawe mu 1881, kenaka ku Khondowe mu 1894, ndipo sukulu zawo zinafalikira m'midzi ya Atonga, Atumbuka ndi Angoni. A Anglican anayenda njira ina. Bishopu Charles Mackenzie anafika ku Magomero mu 1861, chaka chotsatira malungo anamutenga, ndipo posakhalitsa mishoni yawo ya UMCA (Universities' Mission to Central Africa) inabwerera m'mbuyo mpaka ku Zanzibar. Pobwereranso inadzera kutsidya la kum'mawa kwa nyanja. William Percival Johnson anafika kunyanja mu 1882, ndipo mu 1885 a UMCA anatsegula mishoni pa Likoma. Kuyambira pamenepo unali mpingo wa m'mbali mwa madzi. Msewu wake unali nyanja, galimoto yake inali sitima, poyamba Charles Janson, kenaka Chauncy Maples imene inayamba kuyenda mu 1901. Likoma, Chizumulu, Nkhotakota, Malindi, ndi midzi ya kutsidya kumene lero ndi Mozambique ndi Tanzania. Kumtunda kuno kwa nkhungu ndi chisanu palibe mmishonale amene anakonza zoti kudzakhale guwa la Anglican, ndipo pakhoma lathu palibe njerwa imene inaikidwa ndi dzanja la mzungu.

Amene anaubweretsa mpingowu ndi anthu ofuna ntchito. Likoma ndi chilumba cha miyala ndi milambe, nthaka yolima ndi yochepa, koma sukulu inalipo kuyambira kale, choncho chimene chilumbacho chinkatumiza kumtunda chinali anthu odziwa kulemba, kuwerengetsa ndi kugwira zida: makalaliki, aphunzitsi, akalipentala, amisiri omanga, othandiza m'zipatala. Mzuzu weniweniyu anaphuka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 pozungulira esiteti ya mitengo ya tung, imene mafuta ake ankapangira penti ndi vanishi. Agogo anga aamuna anali mmisiri wa njerwa, luso analiphunzira pamishoni. Anamva kuti kumtunda akumanga nyumba za antchito, anakwera Ilala imene inali itangoyamba kumene kuyenda panyanja mu 1951, anatsika ku Nkhata Bay, n'kukwera lole yodutsa m'zitunda zija mpaka kuno. Agogo aakazi anawatsatira pambuyo, mwana kumbuyo, mtolo pamutu. Ankandiuza kuti mwezi woyamba ankalira usiku uliwonse, chifukwa cha kuzizira ndi chifukwa chodya nsima yopanda nsomba. Munthu wokulira pa kondowole ndi usipa wa lero lomwe, kumupatsa nyemba tsiku ndi tsiku.

Lamulungu ankapita kukapemphera ndi anansi ku CCAP, ndipo agogo sanalankhulepo choipa za anthu amenewo. Anawalandira, anawapatsa malo pabenchi, mwana atadwala anabwera kudzaona. Koma mtima unkasowa zina. Unkasowa kugwada, kudzilemba chizindikiro cha mtanda, fungo la lubani, mapemphero a m'buku amene pakamwa panazolowera kuyambira ubwana, ndi Chinyanja cha kunyanja chija. Mabanja angapo a ku Likoma ndi ku Chizumulu anayamba kukumana m'nyumba ya mmodzi wa iwo amene kale anali mwalimu, mphunzitsi wa mpingo, kwawo. Wansembe kunalibe. Mwalimuyo ankatsogolera mapemphero a m'mawa, kuwerenga Mawu, kuphunzitsa ana katekisimu, ndipo Ukaristia ankaulandira pokhapokha wansembe akadutsa paulendo, mwina patapita miyezi.

Malo anapereka ndi a nyakwawa a m'mudzimo, Mtumbuka, yemwenso anali mkulu wa mpingo ku CCAP. Ichi ndimafuna achinyamata athu achidziwe. Munthu amene akanatha kunena kuti tchalitchi chilipo kale, bwerani kuno, anatenga alendo n'kukawalozera kachitunda kopanda mwini, kuyambira pamtengo wa msuku mpaka pachulu. Patapita zaka mdzukulu wake anakwatiwa ndi mwana wa mmisiri uja, ndipo amenewo ndi amayi anga.

Nyumba yoyamba inali ya mitengo yomata ndi dothi, denga la udzu, pansi pozira. Belu lake linali limu ya gudumu la lole, yopachika pamsuku, yomenya ndi chitsulo. Sinakhalitse. Chiswe chinadya nsichi, mvula ya kuno imene imagwa mpaka mu Epulo ndi Meyi inaoletsa udzu, ndipo atafolera kangapo anaona kuti akungotaya mphamvu.

Apa ndi pamene pakuyambira khoma limene ndikulirira.

Anaumba njerwa kudambo la kumunsi, chilimwe chonse. Amuna ankaponda dothi ndi kukoka zikombole, amayi ankatunga madzi ndi kusenza njerwa zouma kukwera nazo chitunda, ana ankazitembenuza padzuwa. Ambiri mwa amunawo anali apantchito, ndiye zonsezi zinkachitika akaweruka ndi Loweruka masana. Uvuni anauotcha usiku ndi usana, akusinthana kusonkhezera, akuimba nyimbo za m'buku kuti tulo tisawagwire. Simenti analibe, anamanga ndi dothi. Mukapita kuseri kwa tchalitchi, kumene sikunapakidwepo pulasitala, zonsezi zikuoneka. Njerwa zake ndi zazikulu kuposa za masiku ano, ndipo si zofanana, chifukwa zikombole zinali zitatu zopangidwa ndi anthu osiyana. Zina ndi zakuda mbali imodzi, zimene zinali kufupi ndi moto. Pali ina imene mbuzi inapondapo isanaume, chiboda chake chikuoneka bwinobwino. Ndipo m'munsi mwa windo la pakati, pamzere wachitatu kuchokera pansi, pali njerwa yokhala ndi kaphazi ka mwana, zala zisanu ndi kachitendene. Azakhali anga, amene anatisiya zaka zapitazo, ankati ndi phazi lawo. Mayi winanso wa m'banja lina ankati ndi lake. Onse awiri anamwalira asanagonjerane, ndipo onse awiri anaikidwa kumanda a kuseri komweko, moyang'anizana ndi njerwayo.

Mawindo atatu a kum'mawa ndi okhota pamwamba. Pa tchalitchi cha m'mudzi chopanda ndalama, chanzeru chinali kuika thabwa lolunjika pamwamba pa windo n'kupitiriza kumanga. Agogo anakana. Iwo anakulira mumthunzi wa St Peter's, tchalitchi chachikulu cha ku Likoma, nyumba imene mwala wake wamaziko unaikidwa mu 1903 pa Chipyela, malo amene kale ankaotcherapo anthu owaganizira ufiti, n'kupatulidwa mu 1911. Pulani yake anajambula ndi Frank George, koma manja amene anasenza miyala ndi kumanga anali a anthu a pachilumba ndi a m'mbali mwa nyanja, ndipo agogo ankati bambo awo anali m'gulu la osenzawo. Kwa munthu wotere, windo la nyumba ya Mulungu linayenera kukhota. Anakhoma matabwa kupanga chikombole chokhota, n'kuyala njerwa pamwamba pake imodziimodzi mpaka ya pakati imene imatseka zonse, kenaka n'kuchotsa matabwawo mtima uli m'mwamba. Loyamba linagwa. Anayambiranso. Mukayang'anitsitsa lero, windo la kumanzere ndi lopendekera pang'ono, la pakati ndi labwinoko, la kumanja ndi loongoka ngati lojambula. Munthu amatha kuona mmisiri akuphunzira, kuchokera kumanzere kupita kumanja. M'mawa dzuwa likamatuluka kunyanja, kuwala kumalowera m'mawindo atatuwo n'kugwera pansalu ya paguwa nthawi imene wansembe akukweza chikho. Ndaziona kuyambira ndili wamng'ono ndipo mpaka lero khungu limachita tsembwe.

Za kufulatira msewu zija, panali mkangano. Njira imadutsa kum'mawa kwa malowo, ndiye ena ankati chitseko chiyang'ane kunjira monga nyumba ina iliyonse. Mwalimu ndi agogo anaumirira kuti guwa likhale kum'mawa, mwambo wakale wa akhristu wopemphera moyang'ana kotulukira dzuwa. Anapambana ndi iwo, n'chifukwa chake mlendo aliyense amayamba wazungulira kufuna khomo. Tsiku lina ndili mnyamata ndinafunsa agogo aakazi chifukwa chake. Sananene za mwambo. Anati, "Mwanawe, tikagwada muja timakhala tayang'ana kwathu."

Zimene zinkachitika kumtunda kwa mpingo zinkafika kwathu mochedwa, koma zinkafika. Mu 1965 Josiah Mtekateka, mwana wa ku Likoma, anadzozedwa kukhala bishopu, Mmalawi woyamba mu Anglican, ndipo mu 1971 anatenga dayosizi yatsopano ya Lake Malawi. Akuluakulu amati uthenga wa kudzozedwa kwake utafika, limu ija inamenyedwa mpaka anansi anabwera kudzafunsa ngati kwagwa maliro. Mu 1995 kumpoto kunakhala dayosizi yakeyake, bishopu woyamba Jackson Biggers wa ku America, maofesi ku Mzuzu konkuno koma mpando wa bishopu n'kukhalabe ku St Peter's pachilumba. Kwa ife kusinthako kunatanthauza chinthu chimodzi chogwirika, chakuti wansembe anayamba kubwera kawirikawiri, ndipo ana sankadikiranso zaka kuti alandire ulimbitso.

Malata anabwera ine ndili kusekondale. Amayi anagulitsa zitumbuwa ndi nthochi, abambo anasonkha, ana a mpingo amene anali ku Lilongwe ndi ku Joni anatumiza kangachepe. Wogulitsa wina m'tawuni anatipatsa malata opyapyala pamtengo wa okhuthala, ndipo amene anatumidwa sanadziwe kusiyanitsa geji 28 ndi geji 32. Sizinathe mvula ziwiri, mphepo ya usiku umodzi inakanganula mbali yonse ya kumwera n'kukaiponya m'munda wa chimanga. Ndimakumbukira m'mawa wake, ife titaima m'kati mopanda denga, mabuku a nyimbo atafufuma ndi madzi, amayi akulira ngati pamaliro. Bukhu la ubatizo, limene linali ndi mayina kuyambira pa ana oyamba aja, linali m'bokosi la thabwa kuseri kwa guwa. Linanyowa, analiyanika, masamba anamatana, ndipo chimene chinatsala chiswe chinamaliza. Makoma a dothi aja anamwa mvula sabata zingapo tisanafolerenso, koma sanagwe.

Pambuyo pake anawonjezera nyumbayi chakumadzulo ndi njerwa zazing'ono ndi simenti. Msoko wake ukuoneka, ndipo chodabwitsa n'chakuti mng'alu umene ulipo lero uli mbali yatsopanoyo.

Lero mpingo wathu si wa Alikoma okha. Muli Atumbuka a m'mudzi momwemu, Atonga, anthu a ku Nkhotakota ndi ku Ntchisi amene anabwera ndi ntchito, ndi mabanja amene akumanga nyumba m'minda yakale chifukwa tawuni ikutiyandikira chaka ndi chaka. Mapemphero ndi a Chichewa, kwaya imasakaniza ndi Chitumbuka ndi Chitonga, ndipo palibe amene amadandaula. Ichi n'chokondweretsa, ndipo n'chifukwa chake malo achepa. Sindikutsutsa zomanga. Ndalonjeza kale matumba anga a simenti, ndipo ndidzapereka.

Lachiwiri ndinapita kwa mkulu wa mpingo uja. Ndi munthu wabwino amene wanyamula mpingowu pamsana zaka zambiri osalandira kanthu. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anati, "Achimwene, Mulungu sakhala m'njerwa. Khoma lija ndi la dothi, mudenga mwadzaza mileme, malo ndi ochepa. Tisunge chigumula pamene ana akunyowa panja?" Sindinathe kumuyankha msanga, chifukwa zambiri zimene ananena n'zoona. Mulungu sakhaladi m'njerwa. Mileme ilimodi, fungo lake limamveka mukangotsegula chitseko. Ndipo ndikudziwa kuti n'kosavuta kwa ine, amene ndili ndi malo anga pabenchi yachitatu, kukonda nyumba yakale kuposa mayi amene amaima panja ndi khanda.

Koma ndinamuuza chimene ndikulemba panochi. Bukhu lija linapita. Mwalimu, agogo, a nyakwawa, onse anapita. Chithunzi cha masiku amenewo palibe amene anajambula. St Peter's ili ndi mabuku olembedwa za iyo, alendo amakwera sitima kukaiona, ndipo ikang'aluka anthu a kunja amamva. Ife chimene chatsala chonena kuti mpingo uno unabwera ndi amisiri ndi amayi osenza madzi, pamalo opatsidwa ndi Mtumbuka wa mpingo wina, ndi khoma limodzi la mawindo atatu. Tikaliphwanya n'kulikwirira pansi pa konkire, mwana wobatizidwa chaka chamawa adzakula akuganiza kuti tchalitchi chimachita kubwera pa pulani kuchokera ku ofesi. Ndipo tsiku limene nayenso adzafunike kuyamba kanthu ndi manja opanda kanthu, sipadzakhala pomulozera.

Sindikupempha kuti nyumba yonse isungidwe. Mbali ya kumadzulo, yong'aluka ija, igwe. Chimene ndikupempha ndi khoma la kum'mawa ndi kachigawo ka guwa, kakhale kachipinda kopemphereramo m'kati mwa sabata ndi kophunziriramo ana Lamulungu. Chatsopano chikhoza kusunthira kumpoto, kumene kuli munda wa mpingo umene chimanga chake sichidzaza ngakhale ngolo. Ndinaitana mmisiri wina wa mumpingo momwemu kuti adzaone. Anagogoda khomalo ndi chipande chake, anakumba pang'ono m'munsi, n'kunena kuti maziko ake ndi a miyala ndipo ali bwino. Chofunika ndi kukumba ngalande yochotsa madzi, kumanga mizati iwiri yochirikiza kunja, ndi kutalikitsa denga kuti mvula isamamenye njerwa. Anandichenjeza kuti tisadzapake simenti pa khoma la dothi, chifukwa imatsekera chinyezi m'kati ndipo njerwa zimafumbutuka. Anaima nthawi yaitali pa windo la kumanja lija, akutsatira mzere wa njerwa ndi chala, ndipo anafunsa kuti anamanga ndani.

Lachinayi ndinapita kwa gogo mmodzi yekhayo amene watsala mwa osenza njerwa aja. Anali mtsikana nthawi imeneyo, lero maso achita khungu ndipo sanafike kutchalitchi kuyambira chaka chatha. Wansembe amawapititsira Ukaristia kunyumba. Ndinawapeza pamkeka akuwothera dzuwa, atafunda bulangete. Nditadzitchula anandigwira dzanja n'kunditchula dzina la agogo anga. Ndinawafotokozera za pulani, za nsanja ya belu, za khonde. Anasangalala kwambiri, anati Ambuye alemekezeke, mbewu yakula. Kenaka ndinawauza za fawundeshoni. Anakhala chete, akusisita bondo.

"Nalonso la kuguwa?"

"Eya, agogo, nalonso."

"Tinkasenza zinayizinayi," anatero. "Pankhata. Chitunda chija ukachikwera kasanu khosi limauma. Mayi ako aakulu anagwa nazo, zinasweka ziwiri, analira poopa agogo ako. Agogo ako anatola zidutswazo n'kuziika pamwamba pa windo, pokhota paja, anati apa pamafunika zazing'ono." Ndinali ndisanamvepo zimenezi. Pobwerera ndinadzera kutchalitchi dzuwa litapendeka, ndinakwera pabenchi yosweka imene ili kuseri, ndipo pamwamba pa windo la pakati ndinazipeza, zidutswa zinayi zopanikizidwa pakati pa njerwa zathunthu.

Komiti yomanga ikumana Loweruka lino nthawi ya 2 koloko, ndipo mkulu wa mpingo wavomera kuti ndidzalankhule. Gogo aja anena kuti nawonso apita, ngakhale mdzukulu wawo akukana chifukwa cha chifuwa. Ndalankhula kale ndi mnyamata wa njinga ya kabaza, imene kuno timati sakaramento, amene amadziwa kuyenda pang'onopang'ono m'mabampu, ndipo ine ndidzayenda pambali nditawagwira. Anandiuza kuti tisanalowe mumsonkhano ndidzayambe ndawazungulitsa kuseri, akufuna akagwire khomalo ndi manja, chifukwa pali njerwa ina imene analembapo chilembo choyamba cha dzina lawo ndi kamtengo, ndipo akuti akudziwa mzere wake.